Manja Ozizira a Zelipa

Masiku amene Chipata ankatchedwa Foti Jemisoni, panali kachipatala ka mishoni pambali pa msewu wopita ku Madzimoyo. Kanali kachipatala ndithu: tinyumba tiwiri tanjerwa zosawotcha, denga laudzu, ndi chingwe choyanikapo mabandeji. Pamenepo ndi pomwe ankagwira ntchito Zelipa Sakala, mayi wamfupi, wamapewa otambalala, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Ana ambiri obadwa chakumeneko zaka zimenezo anapulumukira m'manja mwake, ndipo anthu ankamuyamika. Koma kuyamika n'kosavuta ngati wosenza katunduyo si iwe.

Zelipa anakwatiwa ndi Jairos Tembo m'chaka cha 1933. Atatenga pakati, awiriwa anagwirizana mwakachetechete kuti akadzakhala wamwamuna adzamutcha Boaz. Anabadwadi wamwamuna, koma dzinalo silinamufike, chifukwa mwana amatchulidwa mchombo ukagwa, potuluka m'chikuta. Uyu anasiya kuyamwa mchombo usanagwe, nsagwada zinauma, timanja tinafumbata gwa. Anali kafumbata. Amayi okhaokha anakamuika kuthengo, opanda nyimbo, opanda dzina.

Itatha miyezi ingapo Jairos anamanga kamtolo, ulendo wa ku Walale, dziko lakutali kum'mwera, kukafuna ntchito monga ankachitira amuna onse.

"Ndikangopeza ya msonkho ndi bulangete ndibwera, aNasakala," anatero pamsewu.

Dzinja linabwera, linapita. Linabweranso lina. Anzake ankabwerera ndi masutikesi, iye osaoneka, mpaka anthu anasiya kufunsa n'kuyamba kumutchula ndi dzina lija lopweteka, lakuti mchona, munthu woiwala kwawo.

Popeza Zelipa anapitako pang'ono kusukulu ya mishoni, Dona wa pachipatala, mzungu wamphuno yofiira, anamulemba ntchito yochapa mabandeji. Panalinso dilesala, womanga zilonda ndi kupereka mankhwala, bambo Bizwell, wodziwa ntchito yake, waulemu, wa mkazi ndi ana odzaza khonde. Zilonda, malungo ndi mphere ankathana nazo. Koma pa makanda ntchito inkaima.

Nkhani yake inali iyi. Khanda ndi lozizira, ndipo munthu amene akugona ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi wotentha. Wotentha akagwira khanda lisanatengedwe kumphasa pa mwambo wolikhwimitsa, amalidula: limatupa, limatsokomola, limapita. Umu ndi mmene ankadziwira aliyense, mkhristu ndi wakunja yemwe. Bambo Bizwell akangoti atambasule manja, mayi ankafunditsa mwana n'kutembenukira kukhoma. Dona ankanena kuti ndi wosakwatiwa, koma za azungu ndani angazitsimikize? Choncho makanda ankabisidwa kumidzi, mchombo ukudulidwa ndi kansungwi, kupakidwa mwaye ndi phulusa, ndipo kafumbata ankangokolola.

Tsiku lina mayi wina amene ankakaniza mwana wake anasuzumira panja n'kuona Zelipa akufinya nsalu.

"Uyo si uja mwamuna wake anachona? Ameneyo ndiye wozizira. Agwire ameneyo."

Dona sanamvetse bwino, koma sanali wopusa kuti ataye mwayi. Anamuitana Zelipa n'kuyamba kumuphunzitsa: wiritsa lumo, wiritsa ulusi, samba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono, pamchombo usapake kanthu, phimba ndi kansalu koyera kosita. Zelipa anamva zonse mutu uli pansi. Akanadziwa zimenezi kale, Boaz akanakhala akuthamanga. Anapita kuseri kwa khitchini n'kulira, kenako anabwerera kudzawiritsa madzi.

Kuyambira pamenepo ankayenda midzi yonse ndi ketulo m'manja, beseni pamutu. Kukabadwa mwana, uthenga unkathamangira kwa iye azakhali a mwanayo asanamve. Ankalowa m'chikuta, n'kukoleza moto, n'kusamba m'manja mpaka amayi kuyamba kuseka kuti kodi khungu litsala. Ankabwerera tsiku lililonse mpaka mchombo utagwa. Ndipo makanda ankakhala moyo, osati onse, koma ambiri moti anthu anaona okha.

"Manja a anamwino ndi ozizira," ankatero amayi.

Zelipa ankadziwa kuti ntchito yonse inali ya ketulo ndi sopo. Anayesapo kunena kangapo, amayi n'kuseka, iyenso n'kungoseka nawo. Apa ndi pamene anaphonya. Sanakhale pansi ndi azamba kuwagwiritsa lumo lowiritsa, ankangochita zonse yekha. Tisamuweruze msanga. Munthu amene kunyumba palibe womudikira, akamva kuti mudzi wonse ukudikira iye, zimamukomera.

Kunyumbako kunalibedi munthu. Kanyumba kake kanali kuseri kwa chipatala, pafupi ndi mtengo wa mango. Mphika waukulu wa paukwati anauvundikira pakona, n'kumaphikira m'kamphika kamwana. Madzulo ankakhala pakhonde n'kumauza nkhuku zake mmene tsiku layendera. Lamulungu ankakhala pakati pa amayi apabanja, koma akafika pamene iwo akutsinana khutu za amuna awo, nkhani inkasanduka ya mtedza. Ankasungulumwa, ndipo kusungulumwako kunkamupweteka ngati dzino, tsiku ndi tsiku, osasiya. Lole ikadzutsa fumbi pamsewu, ankapeza chifukwa chokatayira madzi kutsogolo kwa chipatala, kuti aone otsika.

Panapezeka mphunzitsi wina wamasiye, dzina lake Lazaro, amene anayamba kudwala mutu pafupipafupi, mutu wake wofuna Zelipa yekha. Amayi a m'midzi anaona msanga. Anayamba kumuyendera mphunzitsiyo mmodzimmodzi: wina akuti mayiyu sabereka, wina akuti ndi waukali, wina akuti mwamuna wake ali m'njira ndipo ndi wandewu. Lazaro anachira mutu n'kukakwatira kwina. Mlungu womwewo amayi aja anabwera kwa Zelipa ndi maungu ndi nsinjiro, akumutcha namwino wathu. Chikondi chamtundu umenewo Mulungu akupewetseni.

Nkhondo itatha, m'chaka cha 1946, Zelipa akuyanika mabandeji masana, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Odi, aNasakala."

Anali Jairos, atavala jasi lausilikali, imvi zitayamba m'mbali. Kuchoka ku Walale anapita kumigodi, kuchoka kumigodi anatengedwa kunkhondo mpaka ku Bama. Anakhala chonjuta pansi, chipewa m'manja.

"Ndinalakwa. Ndilibe choti ndinene."

Zelipa anali atasunga mawu ambiri oti adzamulalatire munthuyu, osanjidwa bwino zaka zonsezo. Onse anathawa.

"Mwaonda, aTembo," anatero.

Anakondwa, palibe chobisa. Anakondwa ngati mtsikana. Anavundukula mphika waukulu uja, n'kupha imodzi mwa nkhuku zimene ankacheza nazo, ndipo ophika phala pachipatala anamumva akuimba.

Koma walira mvula walira matope. M'mawa mwake analowa ndi beseni m'chipinda mmene munali Edita, mtsikana amene anabereka mwana wake woyamba pachipatala pomwepo. Edita anafunditsa khanda n'kutembenukira kukhoma.

"Pepani amayi, akuluakulu anena kuti musamugwire. Tamva kuti bambo abwera."

"Mwanawe, si manja anga ayi. Ndi madzi owiritsawa ndi sopoyu. Aliyense atasamba chonchi akhoza kumugwira."

"Inde amayi."

Anali inde uja wotseka nkhani. Dzuwa lisanapendeke, Edita ndi khanda lake anali atapita kumudzi. Zelipa anawalondola ndi ketulo yake. Anaima panja pa chikuta n'kupempha mzamba kuti achite yekha, iye azingomuuza ali patali. Mzambayo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi.

"Zaka zonsezi simunatiuze kuti ndi ketulo. Lero amuna anu abwera ndiye yasanduka ketulo?"

Funsolo linali lolunjika. Zelipa anabwerera madzi asanawire. Pasanathe nthawi bambo Bizwell anamuuza motsitsa mawu kuti mwana wa Edita wasiya kuyamwa, nsagwada zauma. Mawa lake amayi anakamuika. Kumudzi ankati anadulidwa poti namwino anaima pafupi kwambiri. Zelipa ankadziwa kuti ndi mwaye wa pamchombo. Kaya wolondola anali ndani, mwana anali kuthengo, ndipo m'midzi yozungulira munali amayi ena oyembekezera amene sakanamuitananso.

Anaganiza masiku angapo, akudya pang'ono. Kenako anamuitana Jairos pakhonde.

"ATembo, m'nyumba muno simungagonemo."

"Ndine mwamuna wanu wa mutchalitchi, aNasakala."

"Ndikudziwa. Ndakudikirani ndi mtima wonse, ndipo ndikukufunani. Koma ana akufa. Mundipatse nthawi ndiwaphunzitse azamba. Akangomvetsa, mubwera."

Jairos anapotokola chipewa m'manja. Mawa lake anamanga katundu n'kupita kutauni, kumene anapeza ntchito yaulonda pasitolo ya Mmwenye. Lamulungu lililonse ankabwera panjinga. Ankakhala mbali ina ya khonde, Zelipa mbali ina, chitseko chili pululu, kuti wodutsa aliyense aone kuti palibe chobisika. Ankamwa tiyi n'kumakamba za mvula. Dzuwa likapendeka Jairos ankakwera njinga, ndipo Zelipa ankatsuka makapu awiri pang'onopang'ono kuti ntchitoyo isathe msanga.

Amayi anaona, anakhutira, n'kuyambanso kumuitana. Makanda anabwerera m'manja mwake. Tsopano ankawakakamiza azamba kusamba ndi kuwiritsa lumo iye akuona, ndipo ankachitadi, mwaulemu, kuti amukondweretse. Akachoka, ankati zonsezo n'zabwino, koma chachikulu ndi manja. Chimene chamera zaka khumi sichizulidwa dzinja limodzi.

Jairos anadikira dzinja loyamba ndi lachiwiri. Kenako Malamulungu ake anayamba kudumphana. Tsiku lina anabwera, tiyi osamukhudza.

"Inu munadikira kuposa ine, ndikudziwa. Koma mtima wanuwo ine ndilibe, aNasakala. Ndakalamba ndilibe mwana."

"Ndamva, aTembo."

Anakwatira mtsikana wa kutauni, dzina lake Vailet. Amayi a m'midzi atamva anabweranso ndi maungu. Zelipa anawalandira, anathokoza, ndipo atapita anakawataya kukhola la nkhumba. Mphika waukulu unabwerera pakona pake.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, njinga ija inaimanso pansi pa mango. Jairos sanakwere pakhonde. Anaima padzuwa, maso ali pa tayala.

"Kunyumba kwabadwa mwana dzulo. Wamwamuna. Azamba akufuna kupaka mwaye, ine ndawakaniza. Ndawauza kuti palibe wogwira mwanayu koma inu." Anakweza maso. "Ndikukumbukira wathu uja."

Zelipa anapsa mtima. Munthuyu, mwa anthu onse! Koma manja ake anali atatenga kale sopo ndi ulusi. Jairos anati akwere pakaliyala, iye anakana, poti pamsewu panali maso. Anamangirira ketulo panjinga, Jairos akukankha kutsogolo, Zelipa akutsatira pambuyo, mpaka anafika kutauni.

Vailet anali mwana ndithu, wamantha, atakumbatira khanda lake pachifuwa. Ankadziwa bwino kuti walowayo ndani.

"Amayi, musandikwiyire."

"Ndabwerera mwanayu. Khala tsonga uone zimene ndikuchita, ndipo inunso azamba senderani."

Anawiritsa madzi, anasamba mpaka m'zigongono, n'kulandira khandalo. Linali ndi makutu a Jairos, otambalala ngati a mleme. Anatsuka mchombo, anauphimba, ndipo ntchito itatha anapitiriza kulinyamula. Anagona kwa mbale wa bambo Bizwell, n'kumabwera m'mawa uliwonse. Mwanayo ankayamwa mwamphamvu. Nsagwada sizinaume.

Tsiku limene mchombo unagwa, amayi anasesa m'nyumba n'kumeta khandalo. Vailet anagwada pamaso pa Zelipa.

"Amayi, mwanayu mwamusunga ndinu. Mutchuleni dzina."

Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma onena mwambiwo samanena mmene zimawawira. Zelipa anayang'ana timanja ta mwanayo, totambasuka bwinobwino, tikugwira mpweya.

"Boaz," anatero.

Amayi analulutira, akuti dzina labwino la m'Baibulo. Jairos, amene anali pakhomo, anadzuka mwakachetechete n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo sanabwerenso kudzatsanzika. Zelipa anamubwezera Vailet mwana, n'kunyamula ketulo yake. Chakumadzulo kunali mayi wina amene masiku ake anali atakwana, ndipo nkhuku zinali zitakhala mlungu wonse popanda wozitsekera.