Kamkuwa ka Atate

Ndikukumbukira chaka chimene mluzu wa ku fakitale unaleka kulira. Ku Kafue tinkadzuka ndi mluzu umenewo, ndipo utatonthola, m'mawa munkakhala zii ngati pamaliro. Makampani a boma anali kugulitsidwa. Atate, amene anachoka ku Katete ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno, anapatsidwa kalata yoti akadikire kunyumba.

Anadikiradi. Anali ndi kachitsulo ka mkuwa kozungulira, kolembedwa nambala yawo, kamene ankasonyeza pachipata polowa ntchito. M'mawa uliwonse ankavala ovolosi, n'kukhala pakhonde la nyumba yathu ku Nangongwe, kumakapukuta ndi phulusa ndi ndimu mpaka kanyezimire. Amayi akawauza kuti kumtsinje kuli malo olimapo ndiwo, ankangoti, "Nanga akatiitana mawa?" Miyezi inapita. Atate anaonda, analeka kwaya, ngakhale pemphero la pachakudya anasiyira amayi. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma ndinkaona kuti atate akuzima ngati nyali yotha mafuta.

Kumtsinje, kufupi ndi mlatho wa njanji, kunkakhala mkulu wina wachitonga, ba Mwiinga, amene kale ankapalasira azungu bwato. Iwo sankakumba nyongolotsi ngati ife. Ankawedza nembwe, nsomba yolusa imene imadya tinsomba tinzake, ndi nyambo zachitsulo zosula okha. Ndi iwo anandiphunzitsa kuti madzi akayera umaponya nyambo yoyera ngati sipuni, koma akada ndi matope pamafunika yofiirira yowala, ndipo umakoka pang'onopang'ono kuti izigwedezeka ngati kansomba kovulala. Tsiku lina, madzi a dzinja ali bii, anadandaula kuti mkuwa wosulira nyambo yofiirirayo sakuupeza.

Loweruka lotsatira, atate akusamba, ndinapisa m'thumba la ovolosi, n'kutenga kamkuwa kaja, n'kuthamangira kumtsinje. Sindinganame kuti ndinkafuna kuwathandiza. Ndinkangofuna nembwe. Ba Mwiinga atafunsa kumene ndakatenga, ndinati ndatola m'njira. Anakaika pamwala, anakasula ndi nyundo mpaka kanapindika ngati tsamba, anaboola kabowo kachiwiri n'kumangirira mbedza. Nambala ija inkaonekabe. Tinakulunga chingwe pachitini, ine n'kuponya kupitirira udzu wa m'madzi.

Ndinali nditaponya kachitatu pamene ndinamva dzina langa. "Eliya!" Anali atate, atavala ovolosi ndi mapatapata, mkwapulo wa malubeni uli m'manja. Kwa milungu yambiri anali asanatuluke pampanda, koma tsiku limenelo anayenda mpaka kumtsinje, akupuma mwawefuwefu. Anandilanda chitini n'kuyamba kukulunga chingwe kuti abweze chuma chawo.

Mwadzidzidzi chingwe chinauma gwa, n'kuyamba kudula madzi chopita kumunsi. Mkwapulo unagwa pansi.

"Osadonsa maningi, ba Phiri!" anakuwa ba Mwiinga. "Ilekeni ithamange, izalema yeka!"

Atate analowa m'madzi mpaka m'mawondo, patapata imodzi n'kutsalira m'matope. Chingwe chinawacheka chala, magazi akudontha, iwo osamva. Ndinaona msana wawo ukuwongoka, ndinamva mawu awo akale, a besi wa m'kwaya, akuti, "Yabwela! Yabwela!" Nsombayo inatembenuka pamwamba kamodzi kokha. Tinaona mimba yake yachikasu ndi kamkuwa kakung'anima pakamwa pake. Kenaka inalowa pansi pa namasupuni, ndipo chingwe chinati phwe.

Ndinkamva fungo la matope ndi kulira kwa sitima kutali. Atate anakhala pansi pomwepo, maso ali pamadzi, ine ndikuyang'ana mkwapulo. Ba Mwiinga, amene tsopano anali atazindikira zonse, anakanda mutu.

"Ba Phiri, musadandaule. Ija nsomba iyamba nchito pa Mande. Namba ili nayo."

Atate anaseka. Anaseka mpaka mapewa kugwedezeka, ndipo sindinadziwe pamene kusekako kunasanduka kulira. Atatha, anagwada m'matopemo n'kupemphera mokweza, koyamba chitsekereni fakitale. Anapempha chikhululukiro chifukwa chodikira pachipata cha anthu ngati kuti ndicho chipata cha moyo. Mkwapulo sunapite pachabe: ndinalandira zikoti ziwiri, ndipo anandiuza bwino lomwe kuti zinali za kuba ndi bodza, osati za kamkuwa.

Lolemba anavala ovolosi yomweyo, ananyamula khasu n'kutsatira amayi kudimba. Tomato ndi repu wa kumeneko ndi amene anatiphunzitsa sukulu tonse. Fakitale sinawaitane mpaka imfa yawo.

Masiku ano nyambo zopanga zadzaza m'mashopu, zapulasitiki, zamitundumitundu, zina zokhala ndi maso ngati nsomba yeniyeni. Ana anga amasankha pafoni, ndipo sadziwa kuti mkuwa unasowapo. Kuba sindikuyamikira, ndipo ndinalapa. Koma ndaona kuti Ambuye, pofuna kuwombola munthu, amatha kugwiritsa ntchito ngakhale dzanja la mwana wakuba. M'Malemba muli nsomba imene inabwera ndi ndalama m'kamwa kuti ithandize anthu a Mulungu. Yathu inachita mosiyana: inabwera kudzatenga. Ndikamawoloka mlatho wa Kafue ndimayang'ana madziwo n'kuthokoza, chifukwa nsomba ija inapita ndi nambala, n'kutisiyira atate.