Chopanira cha Mano Atatu

Chiperoni chikatsika kuno ku Thyolo, minda ya tiyi imasowa, mumangoona nsonga za mitengo zikuyandama ngati zilibe mizu. Nkhungu yotere imandikumbutsa chaka chimene bondo la mayi a kunyumba linatupa. Ankathyola tiyi tsiku lonse, poweruka n'kutsikanso kukhwawa kukatunga madzi. Tsiku lina ndinawaona akutuluka m'nkhungumo, ndowa pamutu, akukoka mwendo. Ndinapsa mtima. Wangawu suchedwa.

Ku fakitale ya esiteti ndinkalumikiza mapaipi akuluakulu a malata, odutsa mphepo yotentha youmitsa tiyi. Kuti paipi ilowe mu inzake, umaipana kukamwa ndi chopanira cha mano asanu, ichite makwinya ngati siketi ya sukulu. Ndiye ndinati ndiika gata m'mphepete mwa denga, ndi paipi yotsitsa madzi mpaka mudiramu. Kukhwawa kuthe.

Ndinabwereka chopanira cha kuntchitoko. Zachabechabe. Paipi ya padenga ndi yaing'ono, lata lake lopyapyala. Mano asanu aja anangoitafuna ngati mbuzi yapeza nsalu.

Alamu anga, mchimwene wawo wa mayiwa, anali pakhonde akuseka.

"Alamu, ingomenyani ndi hamala! Ndiponso pano ndi pachikamwini. Akadzakuthamangitsani mudzasenza paipiyo?"

"Bondolo ndi la mlongo wanu," ndinatero. "Inuyo munatungako liti madzi?"

Lata lija ndinaliponya kunthochi.

Ku Luchenza ndinazungulira kufuna chopanira china, osapeza kanthu. Ndinakachipeza ku Limbe, m'sitolo ina yakale ya zitsulo, chili mufumbi: chopanira cha mano atatu, ataliatali. Mu minibasi ndinachifungatira ngati khanda, maso ali pamizere ya tiyi, ndikumva kale madzi akuyenda pamwamba pa mutu wanga.

Ichi ndiye chinaluma lata mofatsa, makwinya aatali, osang'ambika. Mbali yamakwinya ndinailozetsa pansi, ilowe mkati mwa paipi yam'munsi, madzi asapeze pothawira.

"Bambo, mvula inatha kale," anatero mayi. "Mukutchera chiyani?"

Ndinangopitiriza kulumikiza paipi. Diramu linakhala kukamwa yasa, mayi akutsikabe kukhwawa.

Kenako m'mawa wina phiri linasowa. Kunja kunali mbuu, kamvula kaja kosagwa koma kongoyendayenda m'mwamba, kunyambita malata. Ndinaima pakhomo. Mupaipi munamveka kunong'ona, kenako mudiramu: tho. Patapita kanthawi, tho. Mtambo wonse wa ku Mozambique unkalowa m'makwinya anga aja mwakachetechete.

Chiperoni chinakhalitsa, diramu linasiya kulira ngati lopanda kanthu. Mayi poweruka anatenga ndowa mwachizolowezi, anaima, n'kusuzumira mudiramumo. Anatunga pomwepo. Kenako anakhala pakhonde, mwendo atautambasula, akumvetsera madontho.

Alamu anatulukira m'nkhungu ndi chigubu m'manja. Ndinatsegula pakamwa, mawu anali atafika kale palilime.

"Asiyeni, bambo," anatero mayi, maso ali chitsinzinire. "Musokoneza madziwo."