Nambala Imene Sinkasuntha

Lutfa Khatun anabadwa pa 9 Malichi 1994 m'mudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje wa Dharla, kufupi ndi tauni ya Kurigram. Bambo ake, a Mokbul, ankawolotsa anthu pa bwato, ndipo sukulu anailekezera m'kalasi yachitatu. Koma chinthu chimodzi cha kusukulu ankachidziwa bwino: nambala yoitanira mwana m'kalasi imatsata mmene wakhozera mayeso a chaka chatha. Wopambana onse amakhala nambala wani, wotsiriza amasenza nambala yaikulu chaka chonse.

Lutfa anatenga nambala wani ali m'kalasi yachiwiri, ndipo sanaitayenso mpaka anamaliza sekondale. Dzina lake lenileni linachita kuiwalika. Okwera bwato ankafunsa kuti Nambala Wani wadzuka bwanji, a Mokbul n'kumayankha mokweza kuti ndi a kutsidya omwe amve. Mtsikanayo masamu sankawaopa. Akakumana ndi funso lovuta ankadziwa kuti dzuwa sililowa funsolo lisanagonje.

Pa 15 Januwale 2013 anayamba maphunziro a masamu ku yunivesite, mumzinda wa Rajshahi. Kumeneko nambala ankaipereka potsata mmene anthu afikira polembetsa, ndipo munthu ankakhala nayo mpaka kumaliza. Iye inamugwera 47. Atapita kumudzi pa tchuthi cha Idi, bambo ake anaiona pachiphaso chake cha sukulu, nachiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, anthu onsewa akukuposa iwe? Amakudyetsani chiyani kumeneko?"

Lutfa anafotokoza kuti nambala ya kuyunivesite sinena za nzeru za munthu. A Mokbul anagwedeza mutu ngati amva, kenako anati palibe kanthu, chaka chamawa itsika. Kubwato anauza anthu kuti mwanayo waterereka pang'ono chifukwa cha madzi achilendo.

Chaka choyambacho Lutfa anakhoza bwino kwambiri. Komabe chiphaso chinabwerera kumudzi ndi 47 yemwe uja, ndipo malikisi okhala ndi kadontho pakati bambo ake sanawamvetse. Sanamukalipire. Anangosiya kumutchula Nambala Wani, ndipo pomuperekeza kubasi anamuuza mofatsa kuti ngati zikumukanika anene, manyazi sapha munthu.

Mawu amenewo ndiwo anamulasa. Anatsimikiza zopambana kalasi yonse kuti aphunzitsi amuchitire umboni. Analeka kupita kokamwa tiyi ndi anzake, analeka kuyimba, mpunga ndi mphodza ankadya maso ali pabuku. Shefali, mnzake wogona naye chipinda chimodzi, ankamuseka.

"Iwe, bukulo ukwatiwa nalo liti? Utiuziretu, tisoketse zovala."

Poyamba Lutfa ankamubwezera zachipongwe. Kenako analeka kuyankha. M'chaka chachiwiri anayamba kuwerenga tsamba limodzi mobwerezabwereza, m'mutu osatsala kanthu. Akatopa ankadzilanga ndi kuwerenga kwina. Malikisi anatsika, ndipo iye anayamba kuganiza kuti mwina bambo ake ankaona zimene iye sankafuna kuona. Mwina kusukulu ya kumudzi ankangopambana chifukwa opikisana naye anali ofooka. Funso lovuta likabwera, ankalidumpha asanalimalize n'kuliwerenga komwe.

Pa 22 Novembala 2015, tsiku loyamba la mayeso a chaka chachitatu, anakhala pamalo pake nawerenga mafunso onse. Anali atawaonapo ofanana nawo kambirimbiri, koma dzanja silinasunthe. Sanalire. Anayang'ana chokupizira mphepo cha kudenga chikuzungulira mpaka nthawi inatha, napereka pepala losalembedwa. Mayeso otsalawo sanakalembe. Anakwera basi ya kumudzi, katundu n'kumusiya.

Katunduyo anabwera naye Shefali pa 6 Febuluwale chaka chotsatira. Ali pakudya, a Mokbul anadandaula kuti mwana wawo anakhala zaka zitatu pa 47 osasuntha, ndiye n'chifukwa chake wagwa mphwayi. Shefali anasiya kudya, natulutsa chiphaso chake.

"Amalume, taonani. Ine ndine nambala 3, koma ndalephera mayeso kawiri. Ndinangolawirira pamzere tsiku lolembetsa. Masamu amene ndakhozawo anandiphunzitsa ndi mwana wanuyu."

A Mokbul anatembenuza chiphasocho uku ndi uku. Mpunga umene unatsala m'mbale mwawo sanaukhudzenso.

Shefali ananenanso kuti mwayi ulipo: Lutfa angathe kubwereza chakacho, bola akaonekere ku yunivesite pasanadutse 31 Malichi. Mlendoyo atachoka, a Mokbul anakapeza mwana wawo kuseri kwa nyumba. Anamupepesa, chinthu chimene anali asanachitepo kwa mwana aliyense, namupempha kuti abwerere.

"Abba, nkhani si nambala ayi," anatero Lutfa. "Ndikatsegula buku ndimamva ngati ndikutafuna mankhusu. Sindingathenso."

Iwo anati munthu amene anatha zaka khumi patsogolo sanganene kuti sangathe. Iye anayankha kuti munthu ameneyo sakumudziwanso.

Pa 31 Malichi a Mokbul sanapite kumtsinje. Anavala malaya awo oyera a pa Idi, nakhala pakhomo kudikira kuti amuperekeze kubasi. Lutfa anatulutsa mpunga wosapuntha, nayamba kuuyanika pabwalo, akuusalaza ndi mapazi pang'onopang'ono, kuchoka mbali iyi kupita mbali iyo. Basi ya m'mawa inadutsa, ya masana inadutsanso. Dzuwa litapendeka a Mokbul analowa m'nyumba, navula malaya aja, natenga nkhafi.

Lutfa akadali m'mudzi momwemo, amasoka zovala za akazi. Mu Julayi 2019 sukulu ya kumeneko inasowa mphunzitsi wa masamu, ndipo akuluakulu ake anabwera kawiri kudzamupempha. Anawathirira tiyi, nawauza kuti akafune wina.