Lezala la Apongozi

Ndinaganiza zochoka ku Lusaka maliro a mwamuna wanga atangotha. Mulenga anali dalaivala wa minibasi, ndipo anafera pamsewu. Tomato amene ndinkagulitsa pamsika wa ku Chawama sakanatha kuphunzitsa mwana wathu Chileshe. Mnzanga wa kutchalitchi atandiuza kuti ku Francistown, ku Botswana, kuli ntchito ya m'nyumba, ndinavomera tsiku lomwelo.

Chileshe ndinakamusiya ku Chaisa, komboni ina ya mu Lusaka momwemo, kwa apongozi anga, mayi a ku Kitwe olankhula mosabisa. Sanakondwe, chifukwa mwambo wochotsa mzimu wa malemu pa mkazi wamasiye unali usanachitike.

"Bana Chileshe," anandiitana ndi dzina la mwanayo, "muyenda bwanji tikalibe kukusambikani? Mwana wanga akali pathupi panu."

"Nizabwela, Bamayo, tizachita vonse," ndinatero, chikwama chili kale pamutu.

Ku Francistown ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana. Chilankhulo chawo sindinkachimva, moti tsiku linkatha osatsegula pakamwa. Mwezi ukatha ndinkatumiza ndalama ya sukulu ndi ya ufa, yotsalayo n'kugula sopo. Pafoni ndinkajambula mawu osekaseka kuti kunyumba asadandaule.

Mtima unayamba kundivuta m'chaka chachiwiri. Si kuti linali vuto lachilendo, chifukwa kuyambira utsikana ndinkatopa msanga. Koma tsopano unkathamanga, kuima, kenako kuphiriphitha ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Tsiku lina ndinagwa ndikuyanika zovala. Kuchipatala, namwino wina wodziwa Chinyanja anandimasulira zimene adokotala ananena: kachitseko ka mumtima, kamene iwo amati valavu, kanawonongeka ndili mwana, ndipo mtima sukugundanso mwadongosolo. Magazi akhoza kuundana n'kupita kumutu, ine n'kufa ziwalo. Anandipatsa mapiritsi oletsa magazi kuundana, oti ndizimwa moyo wanga wonse.

"Koma amayi, musamale ndi mpeni," anatero namwinoyo. "Mukadzicheka, magazi anu sadziwanso kuima."

Sananame. Mpeni utandikanda chala ndikudula anyezi, nsalu inanyowa yonse kabalako kasanatseke.

Kunyumba sindinanene, mpaka Chileshe anandigwira yekha. "Mami, n'chifukwa chani mupuma monga mwathamanga?" Nditaulula, kunabwera mawu a apongozi, aafupi: "Ninakamba ine. Uyo ni Mulenga agogoda."

Miyendo itayamba kutupa, kukolopa kunandikanika ndipo abwana anapeza munthu wina. M'basi yobwerera ndinagwira pachifuwa njira yonse. Ndinkaopa kufera pampando pakati pa anthu osadziwa ngakhale dzina langa.

Ku Chaisa ndinafika nthawi ya mvula, ndikudumpha pamiyala kuti ndifike pakhomo. Chileshe anali atandipitirira msinkhu. Ndimati ndimukumbatire, koma apongozi anaima pakati pathu.

"Osati manje. Simugona na mwana mu nyumba imodzi na chibanda pathupi. Mailo tisiliza."

Ndinagona kwa aneba. M'mawa anandiitanira kuchipinda. Pamphasa panali kabotolo ka mankhwala akuda ndi lezala latsopano, likadali m'pepala lake. Ankafuna kunditemera mphini pachifuwa, kumsana ndi m'manja, kuti mzimu wa mwana wawo utuluke, mtima ukhazikike.

Ndinawaonetsa mapiritsi, ndinawauza za chala chija.

"Tumphini tung'onong'ono chabe," anatero akumasula lezala. "Ine nili nato thupi lonse, ninafa? Vulani bulauzi."

Ndinayang'ana pakhomo, pamene Chileshe anaima akulira chamumtima. Ndikakana, mwana ndimuonera patali. Ndikalola, ndani adzaimitse magazi a mabala onsewo, msewu uli madzi okhaokha, galimoto yosatha kulowa m'komboni? Mantha aja anadzutsa mtima. Unayamba kuphiriphitha mpaka maso anachita mdima. Ndinangogwira dzanja lawo, lomwe linali ndi lezalalo, n'kulikanikiza pachifuwa panga.

Anamvetsera ndi chikhatho. Kenako nkhope yawo inasintha.

"Mulenga ananiuzako," anatero motsitsa. "Mukali na mimba ya uyu. Anati, Bamayo, mtima wa mkazi wanga uyenda monga basi yanga pa museu wa magodi. Tinaseka chabe."

"Anali wamoyo, Bamayo. Sanali chibanda."

Anapukuta maso ndi chitenje, n'kutuma Chileshe kukatenga ufa. Anandipaka pamphumi, anandimanga mkanda woyera padzanja, nanena kuti mwana wawo wandimasula. Lezala analibwezera m'pepala n'kuliika pawindo.

"Tiyese va ku chipatala," anatero. "Vikakanga, ili lilipo."

Tsopano ndimakhala nawo, ndipo ndimagona chipinda chimodzi ndi mwana wanga. Apongozi ndi amene amandikumbutsa mapiritsi. Tsiku lokayezetsa magazi amandiperekeza, ndipo m'minibasi amakalipira kondakitala kuti andipatse mpando wakutsogolo. Sindinaonepo munthu wondisamala chonchi. Koma lezala lija sanalitaye. Ndinalibisa kamodzi, iwo anagula lina pakantemba.

Ku Francistown ndinkaganiza kuti choopsa kwambiri ndi kugwa popanda wokuona. Kuno kwathu ondiona ndi ambiri, ndipo aliyense amandifunira moyo m'njira imene akuidziwa. N'chifukwa chake ndikangomva mtima wayamba, kaya ndikuphika kaya ndili pampopi, ndimakhala pansi msanga, kutsamira khoma, maso otsegula. Apongozi akafunsa, ndimati ndikungopumula. Sindiyenera kukomoka pamaso pawo, chifukwa munthu wokomoka sangakane lezala.