Madzi Amene Amayi Anamana Amalume

Kuseri kwa chitseko chathu ku Nsadzo kunkakhala kamtsuko kakuda kobenthuka pakamwa, kokutidwa ndi chiguduli chonyowa. Madzi a m'menemo sankamwedwa. Anali a mtima wanga.

Chinali chilimwe choyamba titabwerako ku Zambia kumene tinathawira nkhondo. Mtimawo unkangoyamba wokha. Ndili khale pansi pa mtengo umene tinkaphunzirirapo, mwadzidzidzi phiriphiri m'chifuwa, ngati mpheta yakodwa m'malaya. Mitsempha ya m'khosi inkavina, m'maso munkachita chidima, thukuta lozizira lili chuchuchu kumsana. Apulofesolo, aphunzitsi athu, ankati ndikuthawa masamu. Amalume, eni mbumba yathu, ankati, "Mwana wamwamuna, mtima wa nkhuku." Mpaka lero munthu akanditchula wamantha ndimamuyankha ndisanaganize. Amati ndine waukali, ndipo sanama. Koma mantha ndimawadziwa bwino, ndipo chija sichinali mantha.

Anayamba anditemera mphini pachifuwa. Zipsera zilipo, phindu panalibe. Kenako amayi anabwereka njinga n'kundipalasira ku chipatala cha ku Chifunde, ndipo mwamwayi chinthucho chinandigwira tili pamzere. Enifemero, namwino wa pamenepo, bambo wonunkha fodya, anandigwira pamkono n'kusiya nthabwala zake. Anabweretsa beseni la madzi ozizira, nati ndikoke mpweya, ndimize nkhope. Mtima unachita ngati waima, kenako unayamba kuyenda ngati wa munthu. Mawu ake ndikuwamvabe: "Mtimawu ndi wabwinobwino, umangosochera njira. Madzi azikhala ozizira, azikhala pafupi. Mtima ukakana kubwerera, kapena mwanayu akakomoka, thamangani naye kuno."

Kunena n'kosavuta. Chaka chimenecho chitsime chinali chitaphwa. Azimayi ankafukula mchenga mumtsinje, n'kumadikira dzuwa likuwotcha kuti madzi adzaze kachikho. Koma kamtsuko kaja sikankaphwa.

Tsiku lina masana amalume anatulukira kuchokera kososa, milomo ili mbuu. Mitsuko ina yonse inali youma. Atatambasula dzanja kuseri kwa chitseko, amayi anagwada mwaulemu monga mwa masiku onse, koma chikhatho chawo chinali pakamwa pa kamtsuko.

"Pepani achimwene, awa okha ayi."

Kwathu madzi samana, ngakhale kwa mdani. Nanga kumana mlongo wako, amene adzakuimire pa mlandu, amene adzakuike m'manda? Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Ena ankati mumtsukomo muli mankhwala, ena ankati ku Zambia kunawaphunzitsa mwano. Amalume anasiya kuponda pakhomo pathu, ndipo nkhokwe yathu, imene analonjeza kumanga mvula isanagwe, inangokhala chigwere. Ine ndinena mosabisa: amayi anachita bwino, ndipo wotsutsa abwere tikambirane.

Chinadzandigwiranso tikusewera bola. Anzanga anandikokera kunyumba miyendo ikukwakwata pansi, anthu akutsatira kuti aone. Amayi anakhuthulira madzi aja m'beseni n'kundigwira pakhosi. Ndinamva kuzizira kukulowa mpaka m'mano, fungo la dothi la mtsuko, kenako bata. Nditadzutsa mutu ndinaona amalume ataima kuseri kwa gulu, khasu lili paphewa. Sanapepese. Mtundu wathu sudziwa kupepesa. Koma m'mawa mwake pafupi ndi nkhokwe panali mtolo wa nsungwi.

Ndili wamkulu, madotolo ku Tete anandimata mawaya pachifuwa, natchula dzina la matendawo m'Chipwitikizi, n'kundipatsa mankhwala akumwa. Masiku ano mtimawo umasochera mwa apo ndi apo, ndipo ndimadziwa kuubweza.

Chimene sindinkachimvetsa nthawi ija n'chimodzi: chifukwa chimene kamtsuko kaja sikankaphwera. Pakudya amayi ankatigawira madzi ife ana, iwo osamwa. Tikawafunsa ankati, "Ndamwa kale kumtsinje." Ine ndinkakhulupirira, mpaka kumawanyadira kwa anzanga kuti amayi anga samva ludzu.