Malemu Sanakane, Ndine Sindinasefe

Dizilo atasowa, ndinkathira m'pikapu yanga mafuta otsala pa chiwaya cha tchipisi pa Namitete, osakaniza ndi kadizilo pang'ono. Mafutawo amafunika kusefa kawiri. Tsiku lomwe anandipempha kunyamula maliro a mayi Nambewe, aneba athu, kupita nawo kwawo ku Nsaru, ndinachita ulesi, sindinasefe.

Titangodutsa dambo, injini inatsokomola n'kuzima. Nyimbo ya amayi kumbuyo nayonso inazima.

"Malemu akukana," anatero achimwene a malemuwo, akuyang'ana mwamuna wa mayi Nambewe. "Alamu, munawalakwira chiyani?"

Bambowo, munthu wofatsa, anagwada m'fumbi nagwira bokosi. "A Nambewe, ngati ndinakulakwirani, ndikhululukireni. Tiyeni kwanu."

Ine ndinali nditabisa mutu m'boneti, ndikutsuka fyuluta yodzaza zinyenyeswa za tchipisi. Galimoto italira, anthu anayang'anana.

"Adalaivala, chinavuta n'chiyani kodi?" wina anafunsa.

"Palibe chomwe ndapeza," ndinatero.

Mpaka lero kumudziko amati bambowo ankazunza mkazi wawo. Koma bambowo amandipatsabe moni mwaulemu. Ndikamva fungo la chiwaya, ndimaona mawondo awo aja, ali mbuu ndi fumbi.