Miyala ya ku Lufita

Linali bokosi lagalasi, lalitali ngati mkono wa munthu wamkulu, m'makona mwake momatidwa ndi guluu wakuda. Bambo analigula kwa mnzawo wina wa ku Tanzania n'kuliika pathebulo pafupi ndi windo. Ankati ndi losungiramo nsomba. Koma chilimwe chonse chija munalibe nsomba, munalibenso madzi. Munali mchenga ndi miyala basi.

Bambo anali wapolisi, kwawo ku Zomba. Mayi ndi a ku Wenya, konkuno ku Chitipa. M'chilimwe chimenecho kunamveka mphekesera yoti apolisi ena a pa boma la Chitipa asamutsidwira kummwera, ndipo dzina la bambo linkatchulidwa. Mayi anayankhapo kamodzi kokha, m'Chitumbuka, akusankha nyemba pakhonde: "Ine nkhuluta yayi." Sapita. Munda wawo unali konkuno, makolo awo odwaladwala analinso konkuno. Ine palibe anandifunsa. Ndinali mu sitandade folo.

Loweruka lililonse ine ndi bambo tinkatsikira kumtsinje wa Lufita titatenga thumba la feteleza. Madzi anali ataphwa, miyala ili poyera, yotentha moti sunkaigwira nthawi yaitali. Bambo ankatola mwala, kuutembenuza, kuutaya, kutolanso wina. Woyererako ankaufinyira ndimu. Ukachita thovu ankausiya, ati umaipitsa madzi. Pobwerera mphepo ya ku Chitipa inkatithira fumbi m'maso, thumba likundidya paphewa.

Kunyumba tinkaitsuka ndi burashi, popanda sopo. Bambo ankayala mchenga motsetsereka, wambiri kumbuyo, wochepa kutsogolo. Pansi pa mwala waukulu ankaikapo chidutswa cha patapata kuti galasi lisang'ambike. Mwalawo sunkakhala pakati, unkakhala cha kumbali, tsinde lake litakwiriridwa, ing'onoing'ono itapendekera mbali imodzi ngati yakankhidwa ndi madzi osefukira. "Mwala uzioneka ngati unabadwira pomwepo," ankatero. Akatha ankabwerera m'mbuyo mpaka pakhomo, kuyang'ana, kupukusa mutu, n'kuchotsa zonse. Mawa lake akaweruka ankayambiranso, nsapato za ntchito asanavule n'komwe.

Timatemba timene tinagwira m'zithaphwi za mumtsinjemo tinkadikira m'beseni la mayi kuseri kwa chitseko, pamodzi ndi zomera za mumtsinje, mizu yake yoyera ikuyandama. "Bambo ake mwana, nsombazi zikalambira m'beseni mwanga," mayi ankatero. "Nanga ine ndichapire m'chipewa chanucho?" Bambo ankaseka pang'ono.

Tsiku lina anandiuza kuti bokosi lotere likadzaza silinyamulika, ukalikweza limasweka. Mawu amenewo ndinawagwira zolimba. Ndinaganiza kuti tikangothiramo madzi ndiye kuti bambo sangasamuke, poti sangasiye chinthu chimene achivutikira chotere. Kuyambira pamenepo kumtsinje ndinkasankha miyala yolemera yokhayokha. M'kalasi aphunzitsi anandikwapula chifukwa chojambula miyala m'kope la masamu. Madzulo alionse funso langa linali limodzi: tithira liti madzi? Yankho linalinso limodzi: "Mwalawu sunakhale bwino."

Lero ndikuona kuti mwalawo unalibe vuto. Munthu amene sakudziwa kumene adzagone mwezi wamawa manja ake sakhala phee.

Mvula yoyamba itatsala pang'ono, mitambo ikuunjikana ku mapiri a Misuku, bambo anabwera dzuwa likadali pamutu. Sanabwerere pakhomo kukayang'ana monga mwa masiku onse. Anaika mwala waukulu, kuukwirira, kutsamiritsa inzake, n'kuileka. Anadzala zomera ndi zala, kulowetsa mizu m'mipata ya miyala, ndere n'kuimangirira ndi ulusi. Kenaka anaika mbale pamchenga n'kundiuza kuti ndizithira madzi pambalepo pang'onopang'ono kuti mchenga usavunduke. Madzi anakwera, miyala yotuwa ija inasanduka yakuda, ina yofiirira. Timatemba tinalowa n'kubisala kuseri kwa mwala waukulu.

Anandiphunzitsa kusintha madzi, kupala ndere pagalasi ndi kudyetsa mosapyola muyezo. Anandiuza kuti ndibwereze zonse iwo akuona, ndipo ndikalakwitsa ankati, "Yambiranso, mwanawe, udzazichita wekha izi." Mayi sanabwere kudzaona. Anatenga beseni lawo n'kupita nalo kuseri kwa nyumba, kumene anakhalitsako ngakhale panalibe zochapa.

Ine ndinathamanga wopanda nsapato kukauza anzanga a m'nyumba za apolisi kuti ife sitisamuka, bokosi ladzaza. Ndinali wokondwa moti ndinawaitana onse kuti adzaone nsomba. Bambo anawalandira, nawalozera mwala uliwonse, mawu awo ali otsika. Sabata isanathe anakwera lole ya polisi ndi sutikesi yawo yokha.

Sindinkadziwa kuti munthu amathanso kumaliza chinthu chifukwa watsimikiza mtima kuchisiya.